Mayina a Eni Ake M'thumba Mwanu

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano ku Nkopola akuidziwa mphindi imeneyi. Tiyi wa 10 koloko watha, anthu akubwerera m'holo akupukuta milomo, wotsogolera zokambirana wagwira maikolofoni: "Amene mukubwera kutsogolo kuno, tipatseni fulashi tiikiretu." Fulashi imachoka m'thumba la jekete, kudutsa m'manja atatu, n'kukalowa mu laputopu ya munthu amene ngakhale dzina lake simulidziwa. Pulojekita yayatsidwa kale. Mnyamata wa laputopuyo akamasakasaka fayilo yoyenera, khoma lonse limaulula za m'fulashimo: malipoti, zithunzi za ukwati, nyimbo za kwaya, kenaka foda ya mayina a olandira thandizo.

Ine ndinaonapo, pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja yomweyi, fayilo yolakwika itatseguka. Kwa kanthawi kochepa chabe tonse m'holomo tinawerenga mayina a amayi a m'mudzi wina, manambala a ziphaso zawo za unzika, manambala a foni, ndi danga lomaliza lonena za mankhwala amene aliyense amakatenga kuchipatala. Mwini fulashi anaseka mwamanyazi nati pepani, ife tinaseka nawo, msonkhano unapitirira. Amayi aja m'holomo munalibe. Pepani uja sanawafike, ndipo mpaka lero sadziwa kuti matenda awo anapachikidwapo pakhoma.

Msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay umadutsa malo amene boma ndi mabungwe amakonda kuchitirako misonkhano, ndiye mafulashi a dziko lonse amathera kuno. Koma si a alendo okha. Mlembi wa banki m'khonde ku Makawa ali nayo yake, muli ngongole za mamembala. Mphunzitsi wamkulu amanyamula mayina ndi malikisi a ana. Mlangizi wa zaumoyo amene anagwira ntchito nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 mwina akusungabe mndandanda wa odwala. Wolandira alendo pa loji ali ndi zithunzi za mapasipoti a azungu. Mnyamata amene akukonzekera ulendo wa ku Joni waikamo chiphaso chake, pasipoti yake ndi ya mlongo wake. Onsewa mukawafunsa kuti fulashiyo ndi yandani, ayankha kuti ndi yanga, ndinagula ndekha. Kachipangizoko n'kawodi. Mayina ali m'menemo ndi a eni ake, ndipo tsopano lamulo likutero.

Zimene lamulo likunena

Tiyambire ku Malamulo Aakulu a dziko lino. Gawo 21 limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake: asasechedwe iyeyo, nyumba yake kapena katundu wake mwachisawawa, asalandidwe katundu, ndipo makalata ndi mauthenga ake asasokonezedwe. Ufuluwu walembedwa kuyambira 1994. Chimene chinasowa kwa zaka zambiri ndi lamulo lofotokoza bwinobwino zoyenera kuchita munthu amene wasunga zinsinsi za anzake pakompyuta.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Limeneli ndi lomwe limati kulowa mu deta ya munthu wina popanda chilolezo, kuikopera, kuisintha kapena kuiwononga ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa ndi ndende. Kenaka kumapeto kwa 2023 aphungu anavomereza lamulo lapadera loteteza deta ya anthu, Data Protection Act ya 2024, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 3 Juni 2024. Bungwe la MACRA, lomwe timalidziwa ndi za mawayilesi ndi mafoni, ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.

Mawu oti deta asakuopseni. Pano tikunena chilichonse chimene chingalozere kwa munthu wodziwika: dzina, nambala ya chiphaso, nambala ya foni, chithunzi, mudzi, malipiro, ngongole. Lamuloli limapatula zina kuti n'zofunika kusamala koposa, monga za umoyo wa munthu, zidindo za zala, mtundu wake ndi chipembedzo chake. Pa nkhani ya HIV palinso lamulo lakelake la 2018 loletsa kuulula mmene m'thupi mwa munthu mulili iye asanalole. Choncho chimene chinachitika pakhoma lija sichinali chongoseketsa.

Kwa amene amatolera ndi kusunga deta ya anthu, kaya ndi ofesi ya boma, bungwe, sukulu, chipatala kapena loji, lamulo likufuna kuti atolere pa chifukwa chomveka ndi chovomerezeka, atolere zokhazo zofunika pa chifukwacho, asazisunge kupitirira nthawi yofunikira, ndipo aike njira zoyenera zotetezera kuti zisatayike, zisabedwe, zisaonedwe ndi osayenera. Mfundo yomalizayi ndi imene imakhudza fulashi mwachindunji. Bungwe limene limalola antchito ake kuyenda ndi mayina a anthu masauzande m'kachipangizo kosatseka, kotha kugwera pansi pa mpando wa minibasi, lingavutike kutsimikizira aliyense kuti linaika njira zoyenera.

Munthu amene akusunga zake ndi za pabanja pake, zithunzi za ana, manambala a abale, lamuloli silimulondola. Koma mukangoyamba kusunga chifukwa cha ntchito, bizinesi kapena udindo wa pagulu, mwalowa m'bwalo lake.

Wina anganene kuti dzina ndi nambala ya chiphaso n'chiyani, si ndalama. Kumbukirani kuti mu 2017 bungwe la NRB linalembetsa Amalawi oposa 9 miliyoni, ndipo chiyambire pamenepo chiphaso cha unzika chakhala kiyi wa zinthu zambiri: kulembetsa simu khadi, kutsegula akaunti kubanki, kugula feteleza wotsika mtengo, kulembetsa mavoti. Mbava za pafoni zija zimene zimaimba n'kukutchulani dzina lonse ndi mudzi wanu, n'kunena kuti dzina lanu latuluka pa thandizo koma mutumize kaye kangachepe, zimakhulupirika chifukwa zikudziwa zoona zenizeni za inu. Mndandanda wa olandira Mtukula Pakhomo ukagwera m'manja mwa anthu otere, amene alire ndi agogo omwe sanaionepo fulashi chibadwire.

Mu February 2024 dziko lonse linamva za kusokonezedwa kwa makompyuta osindikizira mapasipoti, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera atauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti anathyola makinawo n'kumafuna dipo. Nkhani zotere zimamveka chifukwa n'zazikulu. Fulashi ikatayika sipakhala wolengeza, mwini wake amangogula ina.

Kutseka kwenikweni ndi kutseka kwachiphamaso

Anthu ambiri akamati ndinaika pasiwedi, amatanthauza zinthu zosiyanasiyana, ndipo zina mwa izo n'zopanda mano. Pali timapulogalamu timene timangobisa foda kuti isaoneke. Mafayilo amakhala ali momwemo mmene analili, ndipo mwana wa Fomu 3 wodziwa kompyuta amawatulutsa asanamalize kumwa Fanta. Pali pasiwedi ya Excel yoletsa kusintha manambala m'madanga. Imeneyo siletsa munthu kuwerenga. Pasiwedi yotsegulira laputopu nayonso imathera pa laputopupo, fulashi mukaizula yachoka pa chitetezo chimenecho.

Kutseka kwenikweni ndi kumene akatswiri amati encryption. Pulogalamu imatenga zonse zolembedwa m'fayilo n'kuzisakaniza mwa masamu kotero kuti wopanda kiyi amangoona zilembo zopanda mutu. Sikuti chitseko chakhomedwa katundu ali bwinobwino m'kati. Katunduyo wasandulika phala, ndipo pasiwedi yokha ndi imene ingamubwezeretse. Njira yofala kwambiri imatchedwa AES, imene boma la America linaivomereza mu 2001, ndipo mabanki ndi maboma amaigwiritsa ntchito. Mukaona pulogalamu yalemba AES-256, ndi yomweyo. Wakuba sathyola masamuwo. Amayesa kulota pasiwedi yanu, ndipo tibwerako kumeneko.

Kusiyana kwa fulashi yotseka ndi yosatseka kunaoneka bwino pa nkhani ziwiri za kunja. Mu 2017 munthu wina anatola fulashi mumsewu ku London. Anakaitsegula ku laibulale, napeza mafayilo oposa 1,000 a bwalo la ndege la Heathrow, ena okhudza chitetezo, opanda loko aliyense. Anaipereka kwa atolankhani, ndipo chaka chotsatira bwalo la ndegelo linalipitsidwa mapaundi 120,000. Mu Juni 2022 ku Amagasaki, m'dziko la Japan, wantchito wa kampani ina anakopera pafulashi deta ya anthu onse a mumzindawo, pafupifupi 460,000, napita kukamwa ataweruka, nagona panjira, nadzuka chikwama palibe. Akuluakulu a mzinda anapepesa pamaso pa dziko. Chimene chinawapatsa mpweya n'chakuti deta inali yotsekedwa ndi pasiwedi, ndipo chikwamacho chinapezeka patapita masiku ochepa. Nkhani ya bamboyu ndimaikumbukira ndikaona anzathu a kumisonkhano madzulo a tsiku lolandira alawansi, fulashi ikulendewera pamakiyi a galimoto pa tebulo la mowa.

Mapulogalamu ake si ogula

Ngati kompyuta yanu ili ndi Windows ya mtundu wa Pro, Enterprise kapena Education, loko ali kale m'menemo, dzina lake BitLocker To Go. Lowetsani fulashi, dinani batani lakumanja la mausi pa chizindikiro chake, sankhani "Turn on BitLocker", lembani pasiwedi kawiri. Ikufunsani kumene musunge kiyi wopulumutsira, manambala 48 amene amatsegula fulashiyo mukaiwala pasiwedi. Ngati fulashiyo yagwirapo kale ntchito, sankhani kutseka yonse, osati malo okhawo amene muli mafayilo, chifukwa zimene munafufuta kale zimakhala zikadali m'menemo. Windows ya mtundu wa Home, imene imabwera m'malaputopu ambiri otsika mtengo, siyitha kutseka fulashi mwa njira imeneyi, koma imatha kutsegula yotsekedwa kale mukalemba pasiwedi. Kwa ogwira ntchito m'maofesi njira imeneyi ndi imene ndingalimbikitse, chifukwa ikangotsekedwa simuchitanso kukumbukira fayilo iliyonse payokha. Chilichonse choikidwamo chimakhala chotsekedwa.

VeraCrypt ndi yaulere, inayamba mu 2013 kuchokera ku pulogalamu yakale ya TrueCrypt, ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Imapanga fayilo imodzi yaikulu yokhala ngati sutikesi yokhoma, mumaikamo zonse zachinsinsi, mbali yotsala ya fulashi n'kukhala yotseguka. Ndi yolimba, koma ili ndi zovuta ziwiri. Kompyuta imene mukufuna kutsegulirapo iyenera kukhala ndi pulogalamuyo kapena kukulolani kuiyendetsa ndi mphamvu za mwini kompyuta, zomwe makompyuta ambiri a m'maofesi salola. Chachiwiri, mukaiwala pasiwedi palibe wokupulumutsani, ngakhale amene anaipanga.

Kwa mlembi wa banki m'khonde amene ali ndi mafayilo atatu okha, 7-Zip ikukwanira. Nayonso ndi yaulere komanso yaing'ono, siidya bandulo. Sankhani mafayilo, uzani 7-Zip iwamange mtolo umodzi wa mtundu wa 7z, lembani pasiwedi, ndipo chongani pamene palembedwa "Encrypt file names" kuti ngakhale mayina a mafayilowo asaoneke. Fayilo yotchedwa ongongole osabweza yaulula kale theka la nkhani isanatsegulidwe. Mukatha kumanga mtolowo, mafayilo oyambirira aja amatsala osatseka, ndiye musawasiye pafulashipo. Ndipo ngati ndi chikalata chimodzi cha Word kapena Excel, pitani pa File, kenaka Info, musankhe "Encrypt with Password". Imeneyi ndi yeniyeni, yosiyana ndi ija yoletsa kusintha madanga.

Chenjezo limodzi: mapulogalamuwa muwatenge pa tsamba la eni ake. Pulogalamu yotetezera imene mwakoperedwa pa benchi yobenera nyimbo ikhoza kubwera ndi vayirasi m'mimba. Ndipo musanayambe kutseka, koperani kaye zonse pamalo ena. Magetsi athu mukuwadziwa, akhoza kuthima ntchito ili pakati.

Fulashi yotseka siyimba nyimbo pa wailesi ya m'galimoto ndipo TV siyiwerenga. Anthu ambiri amasiya kutseka pa chifukwa chimenechi. Yankho lake n'kukhala ndi ziwiri, ya nyimbo ndi ya ntchito, ndipo zisamabwerekane katundu.

Kiyi

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Loko akhoza kukhala wa chitsulo cholimba, koma ngati kiyi ali pansi pa mphasa ya pakhomo, wakuba sachita kutuluka thukuta. Pasiwedi ya manambala anayi ili ndi njira 10,000 zokha, ndipo kompyuta imaziyesa zonse musanathe kuphethira kangapo. Pa Airtel Money kapena Mpamba manambala anayi amakwana chifukwa mukalakwitsa kangapo akaunti imatsekedwa. Fulashi yotayika ilibe mlonda wotere: wakuba ali nayo kunyumba kwake, akhoza kuyesa usana ndi usiku. Dzina la mwana wanu, chaka chanu chobadwa, Bullets kapena Wanderers ndi 2024 kumapeto, zonsezo ndi zoyamba kuyesedwa, makamaka ndi munthu wokudziwani.

Chimene chimalimbitsa pasiwedi ndi kutalika. Tengani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, oti inu mukhoza kuwaona m'maganizo ngati chithunzi: usipa, njinga, mwezi, chitenje, n'kuponyapo nambala pakati. Imeneyi musaigwiritse ntchito poti yasindikizidwa kale pano, pangani yanu. Mwambi wodziwika si wabwino, vesi la m'Baibulo kapena la m'Korani lotchuka nalonso ayi, chifukwa mawu ake amatsatana mwa njira yodziwika kwa aliyense. Musauze munthu ngakhale kutalika kwake. Ku Amagasaki kuja mkulu wina, pofuna kukhazika anthu mtima pansi, anauza atolankhani kuti pasiwediyo ili ndi zilembo 13, ndipo anthu anamuseka dziko lonse chifukwa anali atachepetsera wakuba ntchito.

Mbali ina ya mpeni womwewu ndi kuiwala. Stefan Thomas, katswiri wa makompyuta wokhala ku San Francisco, anasunga kiyi wa ma bitcoin 7,002 m'fulashi ya mtundu wa IronKey, imene imalola kuyesa pasiwedi kakhumi kokha kenaka n'kudzitsekeratu. Pepala limene analembapo pasiwedi linatayika. Pofika 2021, pamene nkhani yake inamveka, anali atayesa kasanu n'katatu osaphula kanthu, chuma cha madola mamiliyoni ambiri chili m'manja koma chosakhudzika. Inu mulibe ma bitcoin, koma malikisi a ana a Sitandade 8 akatsekeka sabata yotumiza, mutu wake umapweteka chimodzimodzi.

Ndiye kulemba pasiwedi papepala si tchimo. Tchimo ndi kumata pepalalo pafulashi, kapena kuliika m'chikwama chomwecho. Lembani, ikani mu envulopu, sungani kunyumba pamodzi ndi zikalata za malo. Manambala 48 a BitLocker aja musawasunge m'fulashi yomweyo, zili ngati kukhomera kiyi m'nyumba. Pa bungwe kapena pa sukulu, envulopu yomata ikhale ndi mkulu wa pamalopo, kuti mlembi akadwala, akasamutsidwa kapena akatisiya, ntchito isafere m'thumba mwake. Ndipo fulashi isakhale nkhokwe yokhayo. Imafa osatsanzika, imachapidwa pamodzi ndi thalauza, imagwera m'madzi. Amene anaona nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo a m'mbali muno akudziwa kuti madzi safunsa kuti m'kabatimo muli chiyani. Sungani kope lachiwiri kwina, nalonso lotseka.

Pamene loko sathandiza

Kutseka kumateteza fulashi ikatayika kapena ikabedwa. Mukailowetsa m'kompyuta n'kulemba pasiwedi, chitseko chatseguka, ndipo kompyutayo ikuona zonse. Ngati ili ndi vayirasi, ikhoza kukopera mafayilo anu kapena kusunga zimene mwalemba pa kiyibodi, pasiwedi yomwe. Vayirasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, imene aliyense wopulintitsa pa steshonale anakumanapo nayo, imalowa bwinobwino m'fulashi yotseka ikakhala yotsegulidwa.

Choncho mukamapita kukapulintitsa pa boma kapena pa Makawa, musatenge fulashi ya ntchito. Koperani fayilo imodzi yofunikayo pa fulashi ina yopanda kanthu. Imani pomwepo pamene akupulinta. Ambiri ogwira ntchito m'malo otere amayamba akopera fayilo pa kompyuta yawo kuti ipulintike msanga, osati mwa chiwembu, ndi chizolowezi chabe, ndipo imakhala pamenepo miyezi. Muli ndi ufulu wonena mwaulemu kuti, "Achimwene, mukatha mundifufutire, ndi mu Recycle Bin momwe." Mapepala opulintika molakwika muwatenge, musawasiye, mawa mudzawapeza atakulungidwa zitumbuwa. Kwa eni malo opulintira, dziwani kuti zithunzi za ziphaso ndi mapasipoti zodzaza pa kompyuta yanuzo ndi deta ya anthu, ndipo mukuisunga chifukwa cha bizinesi. Lamulo lija likukukhudzani.

Kufufutanso kuli ndi chinyengo chake. Mukafufuta fayilo pafulashi, kompyuta imangochotsa dzina lake pa mndandanda, zolembedwazo zimatsala kufikira china chitalembedwa pamwamba pake. Mapulogalamu aulere obwezeretsa zofufutidwa alipo ambiri. Ngakhale kufomata kwachangu kuja sikuchotsa zonse. Musanapatse mphwanu fulashi yakale ya kuntchito kuti aziikamo mafilimu, ifomateni mwa njira yaitali, mutachotsa chochonga pa "Quick Format". Ngati munali za odwala, ine ndingasankhe hamala.

Ikatayika

Tinene kuti zachitika. Mwatsika minibasi pa Nkopola, mwapapasa m'thumba, mulibe. Chibadwa chimati khala chete, mwina palibe adziwe. Lamulo la 2024 silikulola zimenezo. Bungwe limene deta yake yatayika kapena yaonedwa ndi osayenera liyenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72 chidziwireni, ndipo ngati pali chiopsezo chachikulu kwa eni mayinawo, nawonso auzidwe. Maola 72 ndi masiku atatu. Wantchito amene wabisa sabata yathunthu poopa kukalipiridwa waika bungwe lake pamavuto akulu kuposa fulashiyo.

Uzani abwana anu tsiku lomwelo. Lembani zimene zinali m'menemo, za anthu angati, inatayikira kuti, nthawi yanji, ndiponso ngati inali yotseka. Ngati yabedwa, kanenaninso kupolisi. Funso loti inali yotseka kapena ayi ndi limene lidzasiyanitse nkhani yaing'ono ndi yaikulu. Ikakhala yotseka ndi pasiwedi yolimba, mwataya kachipangizo ka ndalama zochepa. Ikakhala yosatseka, pafunika kuti wina apite kwa a mfumu, asonkhanitse anthu, awauze kuti asakhulupirire aliyense woimba foni m'dzina la bungwelo. Ulendo umenewo ndi wochititsa manyazi, koma anthuwo ali ndi ufulu wochenjezedwa.

Mabwana nawo ali ndi mbali yawo. Kumene wantchito woulula amachotsedwa ntchito pomwepo, palibe adzaululenso. Ndipo n'kupanda chilungamo kudzudzula mlangizi wa kumudzi chifukwa cha fulashi yosatseka pamene bungwe silinamuphunzitsepo, silinamugulire fulashi ya ntchito, ndipo limamuuza kuti atumize mayina pa WhatsApp ya foni yake. Udindo woyamba pa lamuloli uli pa bungwe.

Nanga mukatola fulashi ya wina? Musaitsegule, ngakhale ndi mtima wofuna kudziwa mwini wake. Mukhoza kudwalitsa kompyuta yanu, ndipo kufufuza, kukopera kapena kugawa za m'menemo kukhoza kukuikani pa mlandu wa lamulo la 2016 lija. Kaiperekeni pamalo olandirira alendo, kwa kondakitala, kapena kupolisi. Chimodzimodzi amene amatola zithunzi za m'fulashi kapena foni yobwera kudzakonzetsa n'kuzimwaza pa magulu a WhatsApp: kumeneko ndi kuphwanya lamulo, si nthabwala za achinyamata.

Ndinenenso kuti kutseka fulashi si kubisala ku lamulo. Ufulu wa pa gawo 21 uli ndi malire ake, ndipo khothi likhoza kupereka chilolezo chofufuza ngati pali mlandu. Chimene ufuluwo ukukupatsani n'chakuti munthu wamba, mnzanu wa kuntchito, kapena aliyense wongofuna kudziwa, alibe mphamvu yokulamulani kuti mutsegule. Wapolisi akafuna kuona za m'kati, mukhoza kufunsa modekha kuti akugwiritsa ntchito chilolezo chiti.

Inu amene dzina lanu lili m'fulashi ya wina

Ambiri mwa anthu oposa 1.1 miliyoni amene kalembera wa 2018 anawapeza m'boma la Mangochi alibe laputopu. Koma pafupifupi aliyense dzina lake lili m'fulashi ya munthu wina. Tinazolowera kuti galimoto ya bungwe ikaima pansi pa mtengo wa mango, timafola, kupereka ziphaso, kujambulidwa, osafunsa kanthu poopa kuti dzina lingachotsedwe. Safunsa anadya phula.

Lamulo likukupatsani mphamvu yofunsa amene akulembayo kuti ndi ndani, akulemberanji, apatsa ndani, ndipo asunga mpaka liti. Mukhoza kupempha kuona zimene asunga zokhudza inu, kuuza kuti akonze zolakwika, ndipo nthawi zina kuti afufute ngati chifukwa chosungira chinatha. Ngati munavomera nokha kuti atenge deta yanu, mukhoza kubweza chilolezocho. Akakukanizani popanda chifukwa chomveka, kapena mukadziwa kuti zinsinsi zanu zamwazika, mukhoza kukadandaula ku MACRA. Lembani kalata, sungani kope lake, lembani tsiku. Ngati kulemba kukuvutani, ofesi ya Malawi Human Rights Commission kapena alangizi a zamalamulo a m'dera lanu akhoza kukuthandizani poyambira.

Sindikunamizani kuti mafunso amenewa adzalandiridwa ndi kumwetulira. Lamuloli ndi latsopano, olemba mayina ambiri sanalimvepo, ndipo mayi wosauka amene akudikira thumba la chimanga sali pamalo oti n'kukangana ndi wonyamula kaundula. N'chifukwa chake mafunsowa akuyenera kuchokera kwa amene mawu awo amalemera: a mfumu, a khansala, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, a shehe ndi abusa. Gulupu akafunsa pamaso pa anthu kuti, "Mayina a anthu angawa mukawasunga bwanji, ndipo amene adzawaone ndani?" bungwe limabwerera ku ofesi likudziwa kuti kumudzi kuja kuli maso.

Mwini fulashi wa ku msonkhano uja ndinakumana nayenso chaka chatha, pa msonkhano wina. Atamuitana kutsogolo anatulutsa mafulashi awiri, ina yomangidwa kansalu kofiira. Yofiirayo anaibwezera m'thumba, napereka inayo. Itatseguka pakhoma munali fayilo imodzi yokha.